GeneratePress: theme yosaoneka bwino tsiku loyamba, koma ukadziwa ka code imakumvera

GeneratePress ndi theme ya WordPress (theme ndi yomwe imapatsa webusayiti maonekedwe ake) yomwe ukangoyiyika koyamba umakhumudwa. Palibe slider, palibe zithunzi zoyenda, palibe zowalawala, ndi dzina la webusayiti pamwamba, menyu, nkhani zako kumanzere ndi sidebar kumanja basi. Ndiye ngati mukufuna chinthu choti mungodina batani limodzi webusayiti nkutuluka yokonzeka kale, musavutike kuwerenga mpaka pansi, si yanu iyi. Koma ngati ndinu munthu woti mumatsegula style.css opanda mantha ndipo functions.php mumaidziwako ngakhale pang'ono, ine ndinganene kuti pa ma theme aulere omwe ali pa WordPress.org iyi ili m'gulu la ochepa omwe salimbana nawe ukafuna kusintha zinthu ndi code.

Kwa amene simukuidziwa, anaipanga ndi Tom Usborne wa ku Canada, inatuluka mu 2014 ndipo mpaka pano ikusamalidwabe, zomwe pa nkhani ya ma theme si zachibwana chifukwa ambiri amabwera ndi phokoso kenako pakatha zaka ziwiri mwini wake wasowa, apudeti kulibe, PHP yasintha, webusayiti ya kasitomala yayamba kulavula ma error. Ili pawiri. Pali theme yeniyeniyo yaulere, ndiye pali GP Premium yomwe si theme ina ayi koma plugin yomwe umaika pamwamba pa yaulereyo kuti iwonjezere zinthu. Anthu omwewo anatulutsanso GenerateBlocks mu 2020 yomangira ma layout mu block editor, koma imeneyo ndingoikhudza pang'ono, nkhani yanga ndi ya munthu wofuna kugwira code ndi manja ake.

Ndikati theme kulimbana nawe ndikutanthauza izi. Pali ma theme aja ogula omwe amabwera ndi ma demo ambirimbiri, ya hotelo, ya sukulu, ya chipatala, ya shopu ya nsapato, zonse mu theme imodzi. Pa chithunzi amaoneka bwino heavy. Koma tsiku lomwe kasitomala adzanene kuti batani ili likhale lobiriwira osati la buluu, nde udzaona. Umalemba CSS yako bwinobwino, kurifuresha, palibe chasintha. Kudina F12 kusuzumira mu Inspect, ukupeza mtundu wa batani lija walembedwa malo angapo, kwina mu fayilo, kwina inline, kwina selector yake ndi mzere wathunthu ndipo kumapeto kwake kuli !important. Ndiye nawe umaika !important wako, mawa wina abwera aika wake pamwamba, pakatha chaka style.css yonse yadzaza ma !important moti palibe angayerekeze kufufutamo kanthu. Pa GeneratePress zimenezi nzosowa. Ma selector ake ndi afupi ndipo mayina ake amamveka okha, .site-header, .inside-article, .entry-title, .site-info, ukalemba lamulo lako limodzi nthawi zambiri limagwira pompo. Pa menyu pokha ndi pomwe umafunika yayitaliko, .main-navigation .main-nav ul li a, koma imeneyo ukailemba kangapo imakhala m'zala.

Choyamba ndi child theme, ka theme kakokako kokhala pamwamba pa yaikuluyo komwe umaikamo zosintha zako, izi sizikambirana. Ukasintha mafayilo a theme yaikuluyo mwachindunji, apudeti ikangobwera ntchito yako yonse yapita ndipo palibe womudandaulira. Kupanga child theme ya GeneratePress ndi foda imodzi mu wp-content/themes, mkatimo style.css yomwe pamwamba pake pali izi

/*
Theme Name: Lodge Child
Template: generatepress
*/

ndi functions.php yoyamba ndi <?php basi. Mzere wa Template uja uyenera kufanana ndendende ndi dzina la foda ya theme yaikulu, zilembo zing'onozing'ono zonse, ukaikapo G wamkulu WordPress ikuuza kuti parent theme yasowa. Chomwe chimandisangalatsa apa nchakuti GeneratePress ikaona kuti pali child theme imalowetsa yokha style.css yako. Ma tutorial ambiri a child theme amakuuza kuti ulembe ka code ka wp_enqueue_style kolowetsa CSS ya parent ndi ya child, pa theme iyi kameneko sikafunika, ndipo ukakakopera kuchokera kwina umangopangitsa kuti fayilo imodzi idzilowa kawiri. Ndikudziwa ena amakonda Additional CSS ija inabwera ndi WordPress 4.7 mu 2016, bokosi la mu Customizer (malo osinthira maonekedwe mu dashboard), ndipo pa timizere tochepa ili bho, koma CSS yomwe ili mmenemo imakhala mu database osati mu fayilo, sungaiike pa Git, ndipo imamatiridwa ku theme yomwe inali yoyaka nthawi yomwe umalemba, ndiye ukadzasamukira ku child theme pambuyo pake umapeza bokosi lija lilibe kanthu.

Tsopano pomwe pali mtima wa theme iyi ndi ma hook. Ma hook ali ngati misomali yomwe mmisiri anakhomeratu pakhoma asanakupatse nyumba, iwe ukabwera ndi chithunzi chako kapena kalendala umangokolekapo osaboolanso khoma. GeneratePress inakhoma yambiri ndipo m'malo oyenera, generate_before_header, generate_after_header, generate_after_entry_title, generate_after_entry_content, generate_before_footer ndi ina yambiri, mayina ake okha akukuuza pomwe ali. Titenge chitsanzo cha webusayiti ya lodge ya kunyanja. Eni ake a malo otere sasamala za contact form, amadziwa kuti anthu athu amabukitsa pa WhatsApp, ndiye amafuna ka lamba kobiriwira pansi pa menyu pa tsamba loyamba lokha. Pa theme zina ukanakopera header.php yonse nkuyamba kufufuza pomwe div ina yatsekera. Apa mu functions.php ya child umangolemba

add_action( 'generate_after_header', function() {
    if ( is_front_page() ) {
        echo '<div class="lamba-whatsapp">Bukitsani chipinda pa WhatsApp</div>';
    }
} );

kenako link ya wa.me mkati mwake, timizere ta CSS tokongoletsa .lamba-whatsapp, yatha. header.php sunaikhudze nkomwe, ndiye mawa akaisintha pa apudeti iwe sizikukhudza, ka lamba kako kakhalabe pomwepo. Kwa ine ichi chokha ndi chifukwa chokwanira.

Mafilter nawo ndi chimodzimodzi, kungoti iwo ntchito yawo ndi kusintha chomwe theme ikanatulutsa. Lodge yomwe ija ili ndi custom post type (mtundu wa nkhani wodzipangira wekha) ya zipinda ndipo pa tsamba la chipinda sidebar ndi yosafunika, munthu akufuna aone bedi ndi mtengo osati Recent Posts.

add_filter( 'generate_sidebar_layout', function( $layout ) {
    if ( is_singular( 'chipinda' ) ) {
        return 'no-sidebar';
    }
    return $layout;
} );

Mzere womaliza wa return $layout uja musamauiwale abale, filter ikapanda kubweza kanthu masamba ena onse amasokonekera ndipo munthu umakhala ukufufuza mu CSS pomwe vuto lili mu PHP. Kupatula no-sidebar palinso left-sidebar, right-sidebar, both-sidebars, both-left ndi both-right. Ndiye pali ka Built with GeneratePress kaja kamakhala pansi penipeni, komwe kasitomala aliyense amakaona tsiku loyamba nkufunsa kuti ameneyu ndi ndani pa webusayiti yanga. Pa Premium pali bokosi losinthira, koma pa yaulere filter ya generate_copyright imachita zomwezo, ndipo sanaibise kapena kuitseka kuti ukakamizike kugula, ili mu documentation yawo poyera. Theme zina zaulere zimakupanikiza dala pa tinthu ngati timeneti.

Pa mitundu anachita bwino kuyambira version 3.1 pomwe anabweretsa global colors. Mitundu yomwe umasankha mu Customizer imasanduka ma CSS variable, --contrast, --contrast-2, --contrast-3, --base, --base-2, --base-3 ndi --accent, ndipo utha kuwonjezera yako. Ndiye mu style.css mmalo molemba nambala ya hex pena paliponse umalemba var(--accent), tsiku lomwe bungwe la kasitomala lasintha logo kuchoka ku yofiira kupita ku ya golide chifukwa kwabwera director watsopano, umasintha malo amodzi webusayiti yonse nkutsatira, kuphatikizapo ka lamba ka WhatsApp kaja ngati unakalemba mwanzeru. Mitundu yomweyo imaonekanso mu block editor, zomwe zimathandiza kuti mlembi wa ku ofesi akamaika nkhani asamasankhe pinki wakewake. Version 3.0 ya mu 2020 ndi yomwe inasiya ma float nkupita ku flexbox, ndiye ngati mwalandira webusayiti yakale yomwe inamangidwa isanafike nthawi imeneyo ndipo CSS yomwe mwaipeza pa intaneti sikugwira, yambani mwaona kaye ngati ikadali pa ma float.

Pa foni theme imasintha pa 768px, ndiye media query yako ndi max-width: 768px ndipo zinthu zimagwirizana ndi zake. Apa ndi pomwe ndimathera nthawi yambiri kuposa pa desktop, chifukwa kunena zoona alendo a mawebusayiti omwe timapanga kuno ambiri amabwera pa foni, kuchokera pa link yomwe wina waponya mu gulu la WhatsApp kapena pa Facebook. Bwana amaiona pa laputopu mu ofesi nkumati logo ikulitsidwe, koma amene akufuna kudziwa fizi ya sukulu ali pa ka Itel kapena Tecno mu minibasi.

Kanthu kena kakang'ono ka mafonti komwe anzathu akunja sangakuuzeni. Ine ndimakonda kusiya system font, yomwe ili kale mu foni ya munthuyo, palibe chodawuniloda. Koma kasitomala akaumirira fonti inayake ya Google Fonts ndipo mwaganiza zoisunga pa seva yanu ndi @font-face mu child theme, onetsetsani kuti mwatenga ndi latin-ext yomwe, gawo la fonti lomwe lili ndi zilembo zoonjezera, osati latin yokha. Chilembo cha ŵ chili mu latin-ext. Mukatenga latin yokha ndiye pa webusayiti ya mpingo kapena ya bungwe lomwe limalemba Malaŵi ndi kachipewa kake, chilembo chimodzicho chimatuluka mu fonti ina pakati pa liwu, chonenepa mosiyana ndi zinzake, ndipo pa mutu wa zilembo zikuluzikulu chimaonekera patali. Si vuto la GeneratePress ili, ndi la theme iliyonse, koma poti apa mafonti umawagwira wekha ndi bwino kudziwiratu.

Nanga ma template? Nthawi zina hook sikwanira, ukufuna kusintha kamangidwe ka tsamba lonse. Apa template hierarchy ya WordPress imagwira monga mwa nthawi zonse popanda zachilendo, front-page.php ya tsamba loyamba, single-chipinda.php ya chipinda chimodzi, archive-chipinda.php ya mndandanda wa zipinda, category-maulaliki.php ngati mpingo ukufuna maulaliki aoneke mosiyana ndi zolengeza, 404.php, mpaka kukafika ku index.php ikasowa ina iliyonse. Mafayilo a GeneratePress ndi afupi moti single.php yake umaiwerenga yonse osapukusa mutu, imangoitana header, loop, sidebar ndi footer, ndipo nkhani yeniyeniyo ili mu content-single.php, ya page ili mu content-page.php. Ukafuna template yako umakopera imodzi mwa zimenezi kupita mu child nkusintha dzina. Koma langizo langa ndi loti muzikopera pokhapokha zavutadi, ndipo mukakopera musamafufute mizere ya do_action yomwe ili mkatimo poganiza kuti ndi zinyalala, imeneyo ndiyo misomali ija, mukaichotsa zinthu zina za theme ndi za Premium zimasiya kuoneka pa tsamba limenelo. Komanso fayilo iliyonse yomwe mwakopera yasanduka katundu wanu, iwo akakonza yawo pa apudeti yanu ikhalabe yakale mpaka mutaiyang'ana nokha.

Za kupepuka aliyense amazinena ndiye sindichulutsa. Eni ake amati tsamba la theme yongoyikidwa kumene silifika 10 KB, ndipo sidalira jQuery. Chomwe ndingawonjezere nchakuti kupepukaku kuno kuli ndi tanthauzo lina, si nkhani yongosangalatsa PageSpeed Insights kuti ikupatse nambala yobiriwira. Munthu wagula bandulo ya Airtel kapena TNM ya tsiku limodzi, ali ku Ntchisi kapena ku Nsanje netiweki ikubwera ikupita, tsamba likachedwa amangobwerera ku WhatsApp osadzabweranso. Mu Chrome DevTools pa Network pali posankha kuti uyese ngati uli pa 3G, yesani webusayiti yanu pamenepo musanaipereke, mudzadabwa. Koma theme yopepuka siingakupulumutseni ngati kasitomala akukweza zithunzi za 6 MB zochokera mu kamera ya pa ukwati. WordPress imalandira WebP kuyambira 5.8 ndipo lazy loading ya zithunzi inalowa mu 5.5, gwiritsani ntchito zimenezo, ndipo slider ya zithunzi khumi pa tsamba loyamba muziikana mwaulemu.

Tsopano GP Premium, kodi ndi yoyenera ndalama? Nthawi yomwe ndinkagula inali madola 59 pa chaka, ndipo laisensi imodzi umaigwiritsa pa mawebusayiti ambiri, osati imodzi yokha ngati mmene zimakhalira ku ThemeForest, msika wa ma theme ogula, komwe laisensi wamba ndi ya webusayiti imodzi. Kwa munthu wa ku Canada madola 59 ndi chakudya cha madzulo amodzi. Kwa ife, chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi ndalama yoti umayamba waiganizira kaye, ndiye pamwamba pake pali nkhani ya forex, khadi kukanidwa pa checkout, kupita ku banki kukafunsa nkuuzidwa kuti mudikire. Ambiri timathera popempha m'bale wa ku Joni kapena ku UK kuti alipire ife timubwezere pa Airtel Money kapena Mpamba kwa achibale ake kuno. Ndiye funso loti nchoyenera kapena ayi si lopepuka.

Yankho langa ndi loti mu Premium yonse chomwe ndimalipirira ndi Elements. Zinazo monga Menu Plus ya sticky menu ndi off canvas, Spacing, Secondary Nav, Blog yoika nkhani m'ma column, ndi zabwino koma munthu wodziwa CSS atha kuzipanga yekha Loweruka limodzi. Elements ndi ma hook omwe aja koma uli mu dashboard, umalemba HTML yako kapena kumanga ndi ma block, kusankha hook pa mndandanda, kenako pa Display Rules umanena kuti izi zioneke pati, zisaoneke pati, komanso kwa ndani, olowa ndi akaunti kapena aliyense. Phindu lake lenileni si kwa ine wolemba code, ndi kwa kasitomala. Chilengezo cha pamwamba chija cha sukulu chonena tsiku lotsegulira teremu chikakhala mu functions.php ndiye kuti teremu iliyonse andiimbira foni, nthawi zambiri Lamlungu usiku. Chikakhala mu Element, a sekilitale amatsegula okha nkusintha deti. Ngati muli ndi makasitomala angapo mtengo uja umagawika ndipo umabwerera. Ngati ndi webusayiti yanu imodzi ndipo PHP mumaitha, khalani pa yaulere, simukutaya zambiri.

Ndipo chonde, zija za nulled, ma theme ndi ma plugin ogula omwe ena amagawa ulere, zomwe zimazungulira m'magulu a Telegram zisiyeni. Ndikudziwa mtsutso wake, akuti laisensi ya WordPress ndi GPL ndiye kugawana nkololedwa. Za malamulozo tikambirana tsiku lina, vuto ndi loti simukudziwa yemwe wagwira zip imeneyo asanakupatseni. Pali malware yodziwika bwino yotchedwa WP-VCD yomwe inafala kudzera mu ma theme ndi ma plugin oterewa, imadzilemba mu functions.php ya ma theme omwe ali pa seva nkumabwerera ukaifufuta. Ndinalandirapo webusayiti ya bungwe lina yomwe yemwe anaimanga poyamba anaikamo plugin yotere, pa Google dzina la bungwe linkatuluka ndi malonda a mankhwala achilendo, ndipo kuyeretsa kwake kunadya nthawi yoposa kumanga yatsopano. Pa GeneratePress palibenso chifukwa chochitira zimenezo poti yaulereyo ndi yathunthu.

Zomwe sizindisangalatsa zilipo. Choyamba ndi chomwe ndayamba nacho, ndi yowuma. Ngati mulibe diso la design, webusayiti yanu idzatuluka yoyera, yothamanga, yolongosoka koma yosakoma, ndipo theme siikuthandizani pamenepo. Site Library yomwe ili ndi mawebusayiti okonzeka kale ili ku Premium, pomwe Astra ya Brainstorm Force ndi Kadence amakupatsako ma starter template ena ulere. Kadence yaulere ilinso ndi header builder yokoka ndi mouse, logo uku, batani uko, pomwe pa GeneratePress header yovutirapo pang'ono imafuna CSS kapena Element. Ndiye mnzanga amene akuyamba kumene ndipo kasitomala akumupanikiza kuti Lachisanu ikhale itatha, ndimamuuza kuti atenge Kadence, asadzizunze. Pa WooCommerce yaulereyo imagwira koma shopu imaoneka wamba kwambiri, zambiri zosinthira maonekedwe a shopu zili ku Premium. Documentation ndi yabwino, ili ndi zitsanzo za code zoti ungokopera, koma zonse ndi Chingerezi cha anthu a ntchitoyi, amene sanazolowere mawu ngati hook ndi filter masiku oyamba amaona mdima.

China ndi chachikulupo, ndipo si cholakwa chawo kwenikweni koma muyenera kuchidziwa musanamange nyumba yanu yonse pamenepa. GeneratePress ndi classic theme, ya PHP ndi Customizer. WordPress yokha ikulowera kwina. Gutenberg, block editor ija, inabwera ndi WordPress 5.0 mu December 2018, theme.json inabwera ndi 5.8 mu 2021, kenako 5.9 mu January 2022 inabweretsa Site Editor pamodzi ndi theme ya Twenty Twenty-Two. Mu block theme ngati Twenty Twenty-Four ma template si mafayilo a PHP ayi, ndi HTML yokhala ndi ma comment a ma block mu foda ya templates ndi ya parts, mitundu ndi mafonti ndi mipata zonse umazilemba mu theme.json, ndipo Customizer saoneka nkomwe pa menyu. Ndaseweretsako ndipo theme.json ndi yokoma ndithu, fayilo imodzi kulamulira zonse. Chomwe chimandibweza ndi choti kasitomala akalowa mu Site Editor nkusuntha kanthu pa template, zosinthazo zimasungidwa mu database ndipo zimaposa fayilo yako mphamvu, ndiye iwe ukusintha HTML mu foda palibe chikuchitika, kufikira utakumbukira kukachita reset. Pa GeneratePress chomwe chili mu fayilo ndi chomwe chili pa sikirini. Ma classic theme sakutha mawa, mawebusayiti ochuluka zedi akuyendera omwewo, koma wachinyamata amene akuphunzira pano aphunzire zonse ziwiri.

Elementor, plugin yomangira masamba pokoka ndi mouse, imagwira bwino pa theme iyi, anthu ambiri amaziphatikiza, koma ine ndimaona ngati kutero nkutaya chomwe unasankhira GeneratePress. Ngati mukufuna zokoka ndi mouse mkati mwa tsamba, GenerateBlocks ndi yomwe imayenderana nayo, ma block ake ndi ochepa, container, grid, batani, mutu, chithunzi ndi query, ndipo HTML yomwe imatulutsa siikhala ya ma div osanjikizana osatha, ukaitsegula mu Inspect umaona pomwe uli.

Kagwiridwe kanga ka ntchito ndi kosavuta. Ndimamanga pa laputopu ndi Local, pulogalamu yoyendetsera WordPress pa kompyuta yako, ena amakonda XAMPP, zonse ndi bho, chachikulu nchakuti sizifuna intaneti ndiye bandulo ikatha kapena magetsi akathima ntchito imapitirira mpaka batire itanena kuti basi. WP_DEBUG ikhale true mu wp-config.php nthawi yomanga, kuti ukaiwala semicolon mu functions.php uuzidwe mzere wake mmalo mongoona uthenga wa critical error. Kuyambira WordPress 5.2 pali recovery mode yomwe imatumiza link pa imelo ya admin zinthu zikaphulika, koma imeneyo imadalira kuti seva ikutumizadi maimelo ndipo imelo ya admin ndi yomwe wina amaitsegula, zomwe pa ma hosting otchipa ena si zoti ungaikepo khosi. Ndiye khalani ndi cPanel kapena SFTP pafupi musanakhudze PHP pa webusayiti yamoyo. Ndipo mukasintha CSS koma osaona kusintha, musanayambe kutukwana theme chotsani cache, ya plugin, ya seva, ya Cloudflare ngati ilipo, ndi ya browser ya pa foni ya kasitomala yemwe akulumbira kuti kwa iye palibe chasintha.

Pomupatsa kasitomala webusayiti ndimaika define( 'DISALLOW_FILE_EDIT', true ); mu wp-config.php kuti Theme File Editor ichoke mu dashboard, chifukwa nthawi zonse pamakhala mphwake wa bwana amene anaphunzirako za makompyuta ndipo akufuna kuyesa dzanja. Dziwani kuti mukatero, ka bokosi ka Execute PHP mu Hook Element ya Premium nakonso kamasiya kugwira, anachita dala pa chifukwa cha chitetezo. Ndiye chilichonse chofuna PHP chiikeni mu child theme kapena mupange shortcode yoti Element izingoitana, mu Elements musiyemo HTML ndi ma block zomwe a ku ofesi angasinthe osaphwanya kanthu. Ndipo laisensi ya Premium ikatha chaka chisanapezeke cholipirira, plugin siizima ayi, webusayiti imayendabe mmene inalili, chomwe chimaima ndi ma apudeti ndi support basi, ndiye muuzeni kasitomala zimenezi poyamba pomwe ndipo mtengo wa chaka chamawa muulembe mu quotation.